Waya Amene Ndinalumikiza M'boti la Alamu

Okondedwa Bambo,

Landirani moni wanga kaye, monga munandiphunzitsira, nkhani ibwere pambuyo. Muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga amayi, mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa, kapena ayambiranso zija zobisa mapiritsi pansi pa pilo? Ine kuno m'thupi ndili bwino, palibe pamene pakundiwawa. Zina zonse sizili bwino.

Kalatayi muwerenge muli nokha. Tengani magalasi anu mukakhale kuseri kwa nyumba, pa benchi paja mumakonzera mawailesi, amayi asamve kaye. Ndikanatha kuimba foni, koma khutu lanu mukulidziwa, ndikanayenera kukuwa, ndipo nkhani iyi si yokuwa. Ndamupatsira dalaivala wa lole uja amabweretsa katundu kusitolo, ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati kwa mwana kapena kwa woyandikana naye.

Bambo, mkamwini wanu, alamu anga, anagwera m'nyanja yamchere ino Lachinayi la sabata yatha ndipo sanapezeke. Lero Loweruka, akwana masiku asanu ndi anayi. Ofufuza anasiya Lachiwiri. Achemwali sakudziwa kanthu. Mwini boti anati nkhani ya pabanja ikanenedwe ndi wapabanja, ndiye anandisiyira ine, ndipo ine yandikanika. Achemwali andiimbira kawiri, ndipo kawiri konse ndawanamiza kuti boti lidakali kutali kopanda netiweki.

Ndikufuna ndikufotokozereni mmene zinayendera kuyambira pachiyambi. Inu ndinu munthu wa mawaya, mumva zimene ena sangamve. Komanso dzanja langa lilimo m'nkhaniyi.

Mukukumbuka kuti ndine ndinawaitanira alamu kuno. Iwo sankafuna, ankati munthu wobadwira kumtunda madzi ake ndi a m'ndowa. Ndinawakakamiza miyezi itatu, mpaka ndinawapezera malo m'boti lausodzi la anthu asanu. Anafika ndi chikwama chimodzi, tinkagona chipinda chimodzi, iwo kukhoma, ine kukhomo. Ntchito anaigwira msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Pakamwa pokha sanasinthe. Kuyambira tsiku loyamba ankanditcha Injiniya, ndipo babu la m'chipinda likapsa ankaitana oyandikana nawo kuti abwere adzaone nyumba ya Injiniya ili mumdima.

Ntchito yanga ili padoko, pabwalo pamene amakonzera maboti. Ndimagwira pansi pa mkulu wa zamagetsi, munthu wachikulire amene tonse timangomuti Madala. Ine ndimakoka mawaya, kusintha mabatire, kukonza mapampu, iye amachita zovuta. Pamwamba pa tonse pali kapitawo, amene tinamupatsa dzina loti Changu, chifukwa mawu amenewo ndiwo moni wake, ndiwonso kutsanzika kwake.

M'boti lililonse lopita kutali muli makina otchedwa GPS. Ali ndi galasi ngati la foni yaikulu, ndipo amaonetsa pamene boti lili, pamene pali mtunda ndi pamene pali miyala. Amamva kuchokera kumwamba kudzera mu eriyo yoyera, yooneka ngati kambale kovundikira, yomangidwa pamwamba pa mlongoti. Kuchokera pa eriyo kufika pa makina pamayenda waya mmodzi wakuda. Waya ameneyo akafa, galasi limangoyaka osaonetsa kanthu, ndipo woyendetsa amatsala ndi maso ake ndi kampasi.

Lolemba la sabata yatha kaputeni wa boti la alamu anabwera kudzadandaula kuti waya wakale wakhulika ndi chitsulo pamene amalowera m'denga. Anagula eriyo yatsopano yokhala ndi waya wake, ndipo ankafuna imangidwe pamwamba kuposa yakale. Madala tsikulo kunalibe, anaperekeza akazi ake kuchipatala, bokosi lake la zipangizo atalikhoma. Changu anandiloza ine.

Bambo, ntchito yoyendetsa wayayo ndinaigwira bwino, ndipo mukanaiona mukanagwedeza mutu. Ndinakwera mlongoti, eriyo ndinaimanga patali ndi ya wailesi kuti zisasokonezane. Waya ndinamulowetsa mu paipi. Pabowo la denga ndinaikapo labala kuti chitsulo chisamudulenso, ndipo kunja kwake ndinasiya kakhota kolendewera kuti madzi a mvula azidontha pansi asanafike pabowo. Sindinamupinde mwamphamvu paliponse. Mawaya akuluakulu ochokera ku mabatire kupita ku injini ndinawazemba, chifukwa Madala amati amenewo amachita phokoso limene waya wa eriyo amatola. Ndinamuzungulitsa kukhoma lakumanzere, kenako pansi pa matabwa a kachipinda ka kaputeni, ndikumumanga ndi timalamba tapulasitiki pa chikhatho chilichonse.

Kuzemba kumeneko ndiko kunadya waya. Nditafika pansi pa matabwa, makina ndikuwaona pamwamba pangapa, waya anatha. Anaperewera mkono umodzi. Mkono umodzi basi, kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala.

Ndinapita kwa wosunga katundu, anati waya wamtali wamtundu umenewo alibe, akamuitanitsa afika pakatha masiku anayi. Kaputeni atamva anagwira m'mutu. Anati ayezi walongedwa kale ndipo akusungunuka, mafuta athiridwa, anzake onse atuluka m'mawa ndipo nsomba sizidikira munthu. Changu anandiyang'ana ngati ndamubera, nandifunsa ngati waya anasiya kulumikizika chaka chino. Ine ndinali chogwada m'dzenje la pansi pa matabwa muja, thukuta lili m'maso. Alamu anali ataima pakhomo, buledi ali m'manja, akuseka. Mawu awo ndiwalemba mmene anawanenera, chifukwa ndimawamva tsiku lililonse.

"Injiniya wagwira njakata ndi mkono umodzi wa waya! Apongozi anga akanakhala pano bwenzi atamaliza kale, akumwa tiyi."

Onse anaseka, inenso ndinaseka, koma zinandilasa. Ndinatenga waya wakale uja, ndinadulako chigawo chimene chinali chabwinobwino, ndi kusenda nsonga zonse ziwiri. M'kati mwake simuli ngati mwa waya wa m'nyumba. Pakati pali kawaya kamodzi kamkuwa, kokutidwa ndi pulasitiki yoyera, pamwamba pake pali timawaya tosalala ngati tsitsi tolukana kuzungulira, ndiye khungu lakuda kunja. Ndinayang'ana pang'ono, kenako manja anangochita zimene amadziwa.

Ndinalumikiza mmene munandiphunzitsira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinapala mkuwa ndi mpeni mpaka unawala. Ndinapingasa nsonga, kupota kasanu ndi kawiri, kupinda kobwerera, ndi kukulunga tepi. Titsitsi tija ndinatisonkhanitsa mbali imodzi, ndinatipota ngati chingwe, ndi kutimanga ndi tinzake. Pamwamba pa zonse ndinakulunga tepi katatu, ndikuikoka kuti igwire. Ndinayesa kukoka ndi manja awiri monga mumachitira inu, mfundo siinasunthe. Inagwera pansi pa matabwa pomwepo, pamene pamasonkhana madzi olowa m'boti, chifukwa ndi pamene waya anathera. Ndinaimangirira ku nthiti ya boti, chikhatho chimodzi pamwamba pa madziwo, ndi kubwezera matabwa.

Titayatsa makina, panapita mphindi imodzi, kadontho ka boti kanaoneka pagalasi, pamalo pake penipeni padoko. Kaputeni anandigwira chanza. Alamu anandisisita m'mutu ndi dzanja lamafuta a buledi, nati ndakhoza mayeso. Anatuluka masana omwewo.

Musaganize kuti sindinkadziwa kalikonse. Madala anali atanenapo tsiku lina, tikudya, kuti waya wa eriyo salumikizidwa ndi zala. Ndinamva, koma ndinati ndi zija za amisiri akale zofuna kuti bokosi lawo lizioneka lofunika. Nambala yake ili mu foni yanga. Foniyo inali m'thumba la ovolosi yanga nthawi yonse imene ndinkapota mkuwa uja. Amati safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa ndine, wodya phula ndi wina.

Zotsalazi ndikukuuzani mmene kaputeni anandifotokozera. Lachiwiri makina anayenda bwino. Lachitatu kunachita mafunde, madzi a pansi pa matabwa ankakhavukira uku ndi uku, ndipo kadontho kaja kanayamba kusowa ndi kubwerera. Lachinayi m'mawa akubwerera, boti litadzaza nsomba, kanasoweratu. Nthawi yomweyo kunagwa chifunga choti munthu ali kumbuyo kwa boti samuona wakutsogolo.

Polowera kuno pali mzere wa miyala yobisika m'madzi. Kaputeni amaidziwa, wadutsapo zaka makumi awiri. Anachepetsa injini, nayenda ndi kampasi, ndipo anatuma alamu kuti akaime kunsonga ya boti azisuzumira ndi kumvetsera, popeza ndiwo anali ndi maso akuthwa. Koma madzi anali atawakokera kumbali osadziwa, ndipo kampasi siinena zimenezo. Boti linagunda. Alamu anaponyedwa kutsogolo atavala magambuti ndi chijasi cholemera cha mvula. Jekete yoyandamitsa sanavale, asodzi ambiri savala, amati imakola muukonde. Kusambira sankadziwa, ndinkangoti ndidzawaphunzitsa Lamlungu lina.

Anzawo akuti anawamva akuitana kawiri. Anaponya chingwe ndi tayala loyandama kumene kunkachokera mawu, koma sankaona chilichonse. Anazungulira pamenepo maola atatu boti likulowa madzi, mpaka boti lina linawapeza ndi kuwakoka.

Ine ndinali padoko pamene ankafika, ndikusintha batire m'boti lina. Ndinawerenga mitu, inayi. Ndinawerenganso. Ndinati mwina ali pansi akupopa madzi, ndinadumphira m'botimo ndi kutsegula kachitseko. Kaputeni anandigwira paphewa, ndipo ndinakhala pa mulu wa ukonde.

Anafufuza masiku asanu, maboti atatu ndi la apolisi. Ine ndinapita nawo masiku awiri, ndinangosanza njira yonse, mpaka anandiuza kuti ndizitsala chifukwa ndikuwachulutsira ntchito. Sanapeze ngakhale chipewa. M'masiku onsewo za waya sindinaziganize, kapena ndinene zoona, ndinkaziganiza ndi kuzikankhira kumbali. Ndinkadziuza kuti makina amafa okha, eriyo yatsopano imatha kubwera yowonongeka, chifunga ndi chifunga.

Lachitatu lapitali boti analikokera kumtunda kuti alimate, ndipo Changu anatuma Madala ndi ine kuti tikaone zamagetsi. Madala anayamba ndi makina. Anawalumikiza ku eriyo yake ndi kawaya kakafupi, kadontho kanabwera. Anakwera mlongoti, ndi ukalamba wakewo, nayesa eriyo, inali yamoyo. Ndiye anayamba kutsata waya ndi zala kuchokera pamwamba. Ataona labala pabowo ndi kakhota ka mvula kaja anati amene anayendetsa wayayu ndi mmisiri. Ataona mmene ndinazembera mawaya a injini anabwerezanso. Ine ndili pambuyo pake. Anafika pa matabwa, nandiuza kuti ndiwazule.

Anang'amba tepi ndi mpeni, madzi anadontha. Mkuwa uja ndinaupala mpaka kuwala unali wobiriwira. Titsitsi tija tinali titafumbwa ngati fodya wonyowa, ndipo kamodzi kanali kataboola tepi ndi kukhudza kawaya kapakati. Koma mfundo yokha inali chigwirire, Bambo. Ndinaikoka pamaso pa Madala, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo siinamasuke.

Madala sanakalipe, bola akanandimenya. Anakhala pa chidebe nayamba kundiphunzitsa ngati tili m'kalasi. Anati chimene chimatsika kuchokera kumwamba ndi kunong'ona chabe, si magetsi a babu, ndipo titsitsi tija ndi mpanda woteteza kunong'onako, suyenera kuphwasulidwa ndi kupotedwa mbali imodzi. Anati m'waya yemweyo mumakweranso timagetsi tochepa topita ku eriyo, ndiye katsitsi kamodzi kakakhudza pakati, zonse zimazima. Anati madzi amchere tepi saiopa, amayenda pansi pake ngati chiswe. Waya ameneyu bwino osamulumikiza n'komwe, koma zikavuta pali timitu tachitsulo tofinyira ku nsonga zonse ziwiri ndi pulayala yake, kachitsulo kolumikizira pakati, ndi kachubu kofota ndi moto kotsekera pamwamba, ndipo mfundoyo imaikidwa pamwamba pouma, pamene munthu angaione. Anatsegula bokosi lake nandionetsa. Zinali m'kachitini ka mafuta odzola, zodzaza. Anati ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo kiyi wa bokosilo amasiya kwa mlonda wa pageti.

Kenako anavula magalasi nati, "Mwana wanga, ukanangondiimbira."

Changu atabwera anamva zonse ali chiimire. Anatenga pulayala, nadula mfundo ija uku ndi uku, naiika m'dzanja langa ndi kulifumbatitsa. Anandiuza kuti ndikaiponye m'madzi. Anati pepala la ofufuza lalembedwa kale kuti kunali chifunga ndipo makina analephera, zomwe si bodza. Anati ndikatsegula pakamwa, bwalo lonse alitseka, anthu makumi atatu akhala pakhomo, ndipo alamu sabwerera. Tsiku limenelo mawu oti changu sanawatchule. Madala anangoyang'ana pansi.

Sindinaiponye. Ili mu envulopu yomweyi, ndaikulunga m'pepala, mwina mwaiona kale ikugwa pamene mumatsegula.

Musamve ngati ndikukuimbani mlandu. Mfundo yanu yayatsa nyumba za anthu zaka makumi atatu ndipo palibe inapsa. Munandiphunzitsa ya pamtunda, ya waya wa babu ndi wa wailesi, simunanene kuti ndipite nayo panyanja. Ndivomere kuti Lachitatu lomwelo ndinakukwiyirani, ndinati bwanji munthu uja anandipatsa manja odzikhulupirira chonchi. Ndinakwiyiranso alamu chifukwa cha pakamwa pawo, ndinakwiyira Changu, kaputeni, ayezi, ngakhale akazi a Madala chifukwa chodwala Lolemba. Ndazungulira onsewo ndipo ndabwerera pa ine ndemwe. Amene anagwada m'dzenje muja ndi mpeni ndine.

Waya wamtali uja anafika Lachisanu, monga ananenera wosunga katundu, tsiku limodzi alamu atagwa. Ali pa shelefu m'pulasitiki yake. Ndimamudutsa m'mawa uliwonse ndikamakatenga tsache, chifukwa masiku ano ndikusesa. Pulayala ikundigwa m'manja, ndipo dzana ndinalumikiza batire mozondoka, mwayi Madala anaona msanga. Anandiuza kuti ndiyambe ndapuma ku mawaya. Padoko anthu ayambiranso kuseka ndi kukangana za mpira. Boti lija alimata, akuti lituluka sabata yamawa, ndipo malo a alamu apatsa kale munthu wina. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana.

Kuchipinda ndiye kovuta. Malaya awo a Lamlungu ali pa msomali, sopo wawo ali pawindo, wauma mpaka kung'aluka. Matiresi awo sindinawapinde. Mayi eni nyumba anamva kwa anthu, anabwera ndi tiyi, nakhala pakhomo, kenako anandifunsa ngati kumudzi ndawauza. Ndinati eya. Taonani mmene bodza likuberekerana. Mpope wa panja unathyoka sabata yomweyo, madzi tikukatunga kuseri kwa msika, ndipo ine ndikuthokoza chifukwa zikundipatsa kopita.

Achemwali anaimba koyamba Loweruka latha. Ankaseka, amati amuna awo akapeza nsomba amaiwala kuti ali ndi banja, ndipo ndikawakoke khutu. Ine ndinasekanso, pamene maboti anali panyanja kufunafuna mtembo wawo. Kachiwiri anaimba Lachitatu madzulo, mfundo ija ili m'thumba langa. Ulendo uno sanaseke. Ndinkamva nkhuku kumbuyo kwawo, kenako anandifunsa chimene ndikuwabisira. Munthu amene anandibereka kumbuyo ndili khanda amadziwa mawu anga akapotoka. Ndinati palibe, maboti amachedwa nthawi zina, ndipo ndinanamizira kuti kapitawo akundiitana.

Lero m'mawa atumiza uthenga ndi chithunzi. Ajambula phazi la mdzukulu wanu papepala ndi pensulo, kuzungulira zala zonse, chifukwa bambo ake anamulonjeza nsapato zoyambira sukulu ndipo safuna agule zazing'ono. Alemba kuti ndiwaonetse alamu akangotsika m'boti. Ndayankha kuti ndiwaonetsa. Nditatumiza yankho limenelo ndinapita kukagula pepala ndi envulopu, chifukwa ndaona kuti ndikasiyidwa ndekha ndinama mpaka mwanayo adzamaliza sukulu.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lolemera. Mupite kwa achemwali inuyo, ndi mwendo wanu womwewo. Musatume munthu, musaimbe foni. Mutenge azakhali kuti pakhale munthu wamkazi wowagwira, ndipo mufike m'mawa mwana atapita kosewera. Amayi muwauze mukabwerako, atamwa mankhwala. Makolo a alamu ayeneranso kumva tsiku lomwelo, asadzamve kwa apaulendo.

Ndipo mukawauze zonse. Ndikukudziwani, Bambo. Mukakafika pakhomo paja, mukaona nkhope ya mwana wanu wamkazi, mudzafuna kunena za chifunga ndi miyala basi, kuti mutsale ndi ana awiri ogwirizana. Mudzati wakufa wafa kale, wamoyo tisamuphe. Ndakhala ndikuganiza zomwezo masiku atatu. Koma mukatero, achemwali adzandithokoza. Adzati mlongo wanga anawapezera ntchito, anawasunga m'chipinda mwake, anapita nawo kokawafufuza akusanza. Adzandiphikira ndikabwera, adzauza mwana kuti amalume ndiwo atsala. Zimenezo sindingazisenze moyo wonse. Kuli bwino andide akudziwa.

Muwauze kuti waya anaperewera mkono umodzi, kuti munthu wodziwa analipo woti n'kumuimbira, ndipo sanaimbiridwe. Muwauze kuti Loweruka lija ndinkaseka nawo pa foni ndikudziwa. Akafunsa amene analumikiza, musati anyamata a padoko. Munene kuti ndi mlongo wawo.

Za Changu ndi pepala lake sindinadziwe chochita, mutu wanga sukufika kumeneko. Zimenezo zidikire achemwali amve kaye, chifukwa mwini nkhani ndi iwo. Akati ndikanene kwa ofufuza ndikanena, ntchito ithe. Mtembo palibe woti ndibwere nawo. Chilipo ndi chikwama chimodzi, malaya ndi foni yakale imene ankasiya akamapita panyanja. Akalola ndibweretsa ndekha. Akati asandione pakhomo pawo, ndipatsira dalaivala yemweyu, ndipo inu musawanyengerere. Foni yanga ikhala yoyatsa. Akafuna kunditukwana muwapatse yanu, musawalande pakati.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndikudya, ngakhale si zoona kwenikweni. Moni kwa azakhali, ndipo andikhululukire powasenzetsa ulendo umenewu. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa mng'ono wanga ndi ana ake, ndi kwa asuweni onse. Mdzukulu wanu mumunyamule m'malo mwanga.

Achemwali okha musawapatse moni wanga. Muyambe mwawauza, ndipo akamva zonse, muwafunse ngati akuufuna.

Tsalani bwino, Bambo.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
mlongo wawo wa achemwali.